Za Kunyozana kwa Osankha m'Dziko la America

Mwezi uno phunziro lathu litiolotsa nyanja yaikulu kunka ku dziko la America, limene eni ake alitcha United States. Ambiri a inu mwamva mbiri ya dzikolo pa wailesi, ena muli ndi ana kapena adzukulu amene anapita kumeneko kukaphunzira kapena kukagwira ntchito, ndipo ambiri a ife tinamwapo mankhwala ogulidwa ndi ndalama za anthu a kumeneko. Koma lero sitinena za chuma chao kapena za nyumba zao zazitali. Tifuna kuti tione pamodzi nthenda imene yalowa pakati pao, ndiyo yakuti anthu a dziko limodzi afika posapenyana ndi diso labwino chifukwa cha munthu amene yense amsankha pa tsiku la masankho. Kutsutsana pa bwalo sikuipa, pakuti mudzi umene anthu ake satsutsana konse ndi mudzi wa amantha. Choipa chifika pamene munthu aleka kuyesa mnzake wotsutsana naye munthu wamaganizo, nayamba kumuyesa chitsiru kapena chirombo.

Tiyambe ndi kudziwa makhalidwe a dzikolo. Lili ndi zigawo 50 ndi anthu oposa 330 miliyoni, ndipo zaka 4 zilizonse, m'mwezi wa November, asankha Pulezidenti. Zipani zilipo zingapo, koma zamphamvu ndi ziwiri zokha: cha Republican, chimene chizindikiro chake ndi njovu, ndi cha Democratic, chimene chizindikiro chake ndi bulu. Otsata njovu ambiri adzitcha conservative, ndiko kunena osunga zakale. Iwo afuna msonkho wochepa, boma losalowerera m'zinthu za munthu, ufulu wosunga mfuti panyumba, malire a dziko otsekedwa bwino, ndipo ambiri a iwo akana kutaya pakati. Otsata bulu ambiri adzitcha liberal, ndiko kunena ofuna kusintha. Iwo afuna kuti boma lithandize osauka ndi odwala ngakhale msonkho ukwere, kuti mfuti zichepe, kuti alendo olowa m'dziko alandiridwe mofatsa, ndi kuti za pakati mkazi adziweruzire yekha. M'phunziro lino tidzawatcha osunga zakale ndi ofuna kusintha. Si ntchito yathu pano kuweruza kuti wolungama ndani pa nkhani zimenezi. Zonsezo ndi nkhani zolemera, zimene anthu oona mtima akhoza kusiyana nazo maganizo mpaka kukalamba.

Udani wa zipani sunayambe dzulo m'dzikomo. Pulezidenti wao woyamba, George Washington, polaira anthu ake mu 1796, anawachenjeza kuti mzimu wa chipani udzautsa nsanje ndi mantha opanda pake pakati pao. Sizinapite zaka zambiri, nkhani ya akapolo inang'amba dziko pakati. Choyamba kung'ambika chinali mipingo: a Methodist anagawikana mu 1844, a Baptist mu 1845, akumpoto paokha ndi akummwera paokha. Mu 1856 Charles Sumner wa ku Massachusetts, atalankhula mau owawa otsutsa osunga akapolo, anamenyedwa ndi ndodo m'nyumba ya malamulo momwemo ndi Preston Brooks wa ku South Carolina, mpaka ndodo inathyoka, mwazi uli chuchuchu. Chodabwitsa si kumenyako ai, pakuti munthu waukali apezeka m'fuko lililonse. Chodabwitsa ndi chakuti anthu a kummwera anamtumizira Brooks ndodo zatsopano monga mphatso. Zitapita zaka 5 nkhondo inabuka, ndipo kuyambira 1861 kufikira 1865 anafa anthu oposa 600,000.

Pakati pa zaka za m'ma 1900 zinthu zinali zina. Zipani ziwirizo zinali zosakanizika: m'chipani cha bulu munali osunga zakale ambiri, makamaka kummwera, ndipo m'chipani cha njovu munali ofuna kusintha, makamaka kumpoto chakum'mawa. Munthu sakanatha kudziwa chipani cha mnzake pongoona kumene apemphera kapena kumene akhala. Mu 1960 anthu anafunsidwa ngati kudzawaipira mwana wao akakwatira kapena kukwatiwa ndi wa chipani china. Amene anati kudzawaipira anali ngati 5 okha pa 100. Funso lotere litafunsidwanso mu 2010, pafupifupi theka la a Republican ndi mmodzi mwa atatu a Democratic anati kudzawaipira. Taonani, abale, m'zaka 50 zokha chipani chasanduka ngati mfunda umene sakwatirana nao.

Koma tisafulumire kutamanda masiku akalewo. Mtendere wa zaka zija unali ndi mtengo wake, ndipo amene analipira anali anthu akuda a kummwera, amene analetsedwa kuponya voti ndi mayeso achinyengo, ndi msonkho wa pa voti, ndi zoopseza. Akulu a zipani zonse ziwiri anali kudyera pamodzi mwamtendere chifukwa nkhani imeneyi anaiika pansi pa mphasa. Pamene Pulezidenti Lyndon Johnson, wa Democratic, anasaina lamulo lothetsa tsankho mu 1964 ndi lamulo la ufulu wa voti mu 1965, mphasa inayalulidwa. Pang'ono pang'ono azungu a kummwera anasamukira kwa njovu, ndipo anthu akuda anakhazikika kwa bulu. Mu 1973 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti kutaya pakati ndi ufulu m'zigawo zonse, ndipo m'zaka zotsatira Akhristu ambiri osunga zakale anaunjikana kwa njovu, nalimbana ndi chigamulocho mpaka chinafafanizidwa mu 2022. Potero mtundu wa khungu, mpingo, sukulu ndi malo okhala, zimene kale zinali zomwazikana, zinayamba kumangidwa mtolo umodzi ndi chipani.

Malo okhala tiwanenepo pang'ono. Dzikolo lagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa 3,000. Mlembi wina, Bill Bishop, m'buku lake la 2008 anaonetsa kuti mu 1976 osankha ngati mmodzi mwa anayi anali kukhala m'boma limene chipani chimodzi chinapambana kutali. Pofika 2016 anali ngati 6 mwa 10. Mizinda yaikulu yakhala ya bulu, midzi ndi minda yakhala ya njovu. Tsono munthu akhoza kudzuka, kupita kuntchito, kugula m'sitolo, kupemphera, kukagona, chaka chonse osakomana ndi munthu mmodzi wosankha mosiyana naye. Za a mbali inayo angomva zam'maluwa. Ndipo maluwawo anachuluka. Kufikira 1987 panali lamulo lokakamiza nyumba za wailesi kupereka mbali zonse ziwiri pa nkhani yotsutsana. Litachotsedwa, anabuka olankhula a pa wailesi amene malonda ao anali mkwiyo. Mu 1996 zinayamba nyumba ziwiri za kanema, Fox News imene ikondedwa ndi osunga zakale, ndi MSNBC imene inadzakhala ya ofuna kusintha. Pambuyo pake inafika intaneti, m'mene mau aukali athamanga kuposa mau ofatsa, chifukwa ndiwo amene anthu atumizirana.

Tsono tifike pa mutu weniweni wa phunziro, ndiwo mau a chipongwe. Akulu anati ukayenda siya phazi, usasiye mlomo. Atsogoleri a mbali zonse ziwiri anasiya mlomo, ndipo kawirikawiri anausiya m'chipinda chimene anayesa kuti muli anzao okhaokha.

Mu April 2008 Barack Obama, asanakhale Pulezidenti, analankhula kwa anthu achuma othandiza chipani chake mu mzinda wa San Francisco. Anali kufotokoza za anthu a m'matauni ang'onoang'ono a ku Pennsylvania, kumene ntchito zinatha zaka zambiri zapitazo, nati anthuwo awawidwa mtima, ndipo chifukwa chake akangamira mfuti, kapena chipembedzo, kapena kuipidwa ndi anthu osafanana nao. Tiyesa kuti iye anali kuwamvera chisoni. Koma tamvani m'mene mauwo amvekera m'khutu la mwini wake: chikhulupiriro chimene anachilandira kwa amake, chimene anaikira nacho akufa ake m'manda, chayesedwa chizindikiro cha matenda, monga malungo asonyeza kuti m'thupi muli kanthu. Munthu akhoza kupirira womtsutsa, koma womfotokoza ngati wodwala amkhululukira movutika.

Chaka chomwecho Sarah Palin, wa Republican, polankhula ku North Carolina, anati matauni ang'onoang'ono ndiwo America weniweni, ndiwo madera okonda dziko lao. Nanga okhala m'mizinda ndi ayani? Pambuyo pake anapepesa. Mu 2012 Mitt Romney, wofuna upulezidenti wa Republican, anali pa phwando ku Florida limene munthu aliyense analipira madola 50,000 kuti adye nao. Iye anati anthu 47 pa 100 a dzikolo adalira boma, adziyesa ochimwiridwa, salipira msonkho wa pa malipiro ao, ndipo si ntchito yake kudera nkhawa za iwo. Sanadziwe kuti wogawa zakumwa anali kujambula mwachinsinsi. Pakati pa anthu 47 pa 100 aja panali nkhalamba zimene zinagwira ntchito moyo wao wonse, ndi antchito olandira pang'ono amene alipira misonkho ina, ndipo ambiri a iwo anali osankha chipani chake chomwe. Romney sanapambane.

Mau amene anamveka koposa onse ananenedwa mu September 2016 ku New York. Hillary Clinton anati theka la otsata Donald Trump akhoza kuikidwa m'dengu limodzi la anthu onyansa, atsankho, onyoza akazi, odana ndi alendo, nati ena a iwo sangaomboledwe. Chilungamo chitikakamiza kunena kuti iye anatchulanso dengu lachiwiri, la anthu amene aona kuti boma lawasiya ndipo palibe wowasamalira, nati amenewo ayenera kumvedwa. M'mawa mwake anati amva chisoni kuti anatchula theka. Koma madzi akatayika saoleka. Dengu lachiwiri linaiwalika tsiku lomwelo, ndipo otsata Trump analemba dzina la dengu loyamba pa malaya ndi pa zipewa, nalivala ndi kunyada. Clinton anapeza mavoti ambiri m'dziko lonse, kuposa mnzake ndi pafupifupi 3 miliyoni, koma monga mwa chiwerengero cha zigawo, chimene ndicho chisankha Pulezidenti kumeneko, Trump ndiye anapambana. Ndipo mu 2018, ali ku Mumbai m'dziko la India, Clinton anati malo amene anamsankha iye ndiwo amene apanga magawo awiri mwa atatu a chuma cha dziko, malo oyang'ana kutsogolo. Chiwerengerocho chinali choona. Koma kodi voti ya mlimi ichepa mtengo chifukwa boma lake lili losauka?

Trump mwini wake sanabise mau ake m'chipinda. Mu November 2023, ku New Hampshire, anafanizira adani ake a ndale ndi tizirombo towononga timene tiyenera kuzulidwa, ndipo mu 2024 ananena za mdani wa m'kati mwa dziko amene ali woopsa kuposa adani akunja. Masiku otsiriza a masankho a chaka chimenecho anasanduka mkangano wa zinyalala. Wanthabwala wina pa msonkhano wa Trump ku New York anatcha chisumbu cha Puerto Rico mulu wa zinyalala woyandama. Pulezidenti Joe Biden poyankha analankhula mau amene anamveka ngati atcha otsata Trump zinyalala, ngakhale a m'nyumba yake anati iye ananena za mau a wanthabwalayo. M'mawa mwake Trump anavala chovala cha otola zinyalala, nakwera galimoto la zinyalala ku Green Bay, ojambula ali piringupiringu. Anapambana masankhowo.

Tikayang'anitsitsa, tiona kuti minyozo iwiriyi ili ndi makomedwe osiyana, monga mchere usiyana ndi tsabola. Ofuna kusintha, amene ambiri a atsogoleri ao anapita kusukulu zapamwamba, anyoza poyang'ana pansi. Iwo ati a mbali inayo sadziwa, anamizidwa, asankha zimene ziwapweteka okha. Mu 2004 Thomas Frank analemba buku lofunsa chimene chalakwika ndi anthu a ku Kansas, kuti osauka asankha chipani chimene iye anachiyesa cha olemera. Ndipo ambiri anawerenga bukulo ndi kupukusa mutu, osaganiza kuti munthu akhoza kuika za chikumbumtima chake patsogolo pa za thumba lake, monga achitira iwo omwe pamene asankha msonkho wokwera. Osunga zakale nao anyoza pokankhira kunja. Iwo ati a mbali inayo si ana enieni a dziko, saopa Mulungu, sadziwa kugwira ntchito ya manja, ndi ana olira msanga. Wina ati kwa mnzake, Ndiwe mbuli; winayo ayankha, Ndiwe mlendo m'dziko la makolo ako. Ife tiyesa kuti mnyozo woyamba ulowa msanga m'mtima, chifukwa woupereka sadziwa kuti wanyoza, ndipo adabwa poona mnzake watupa. Koma wachiwiri uli pafupi ndi mwazi, pakuti amene watchedwa kachirombo kapena mdani, otsata ena ayesa kuti kumchotsa si mlandu.

Za sukulu tikhalepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene chilonda chili chakuya. Mwa akulu a dzikolo, ngati 6 mwa 10 alibe digiri ya zaka 4 ya ku yunivesite. Pakati pa 2000 ndi 2010 ntchito za m'mafakitale zoposa 5 miliyoni zinatha, zina chifukwa cha makina, zina chifukwa chakuti mafakitale anasamukira ku China ndi maiko ena. Anthu amene anataya ntchitozo anauzidwa kawirikawiri, ndi atsogoleri a zipani zonse ziwiri, kuti mankhwala ake ndi kupita kusukulu. Mphunzitsi wa ku Harvard, Michael Sandel, m'buku lake la 2020 anaonetsa kuti uphungu wotere uli ndi mbola m'kati mwake, pakuti utanthauza kuti amene sanapite, kusauka kwake ndi mlandu wake. Mayi wina wophunzira wa ku California, Arlie Hochschild, amene iye mwini ali wa ofuna kusintha, anachita chinthu chimene anzake ambiri sanachite: anapita ku Louisiana kwa zaka zingapo, nakhala pansi m'nyumba za osunga zakale, namvetsera. Anapeza kuti anthuwo adziona ngati oima pa mzere wautali, opirira, osadandaula, ndipo mzerewo suyenda; aona ena alowetsedwa patsogolo pao, ndipo akati alankhule, a kutsogolo acheuka nawatcha mbuli. Sitinena kuti chithunzicho chili choona m'zonse. Anthu akuda a ku Louisiana komweko anaima pa mzere zaka mazana osaloledwa ngakhale kuyandikira khomo. Koma pamene mayiyo anawafotokozera eni ake chithunzicho, iwo anavomera kuti umo ndimo amvera m'mtima. Aphunzitsi, alembi ndi onse amene anthu a m'mudzi awabweretsera kalata kuti awawerengere, aidziwa bwino mbola imeneyi, pakuti nkhwangwa iiwala koma chitsa sichiiwala.

Tsono mudzafunsa kuti, Kodi mbali ziwirizi zidziwana? Ofufuza ayesa zimenezi, ndipo zimene apeza ndi zoseketsa ndi zomvetsa chisoni pamodzi. Douglas Ahler ndi Gaurav Sood anafunsa anthu kuti mwa a Republican 100, ndi angati alandira madola oposa 250,000 pa chaka. Anthu anayesa 38. Zoona zake anali ngati 2. Mu 2019 bungwe lotchedwa More in Common linafunsa mbali iliyonse kuti iyerekeze maganizo a mbali inayo, ndipo zonse ziwiri zinakuza kwambiri chiwerengero cha anthu ouma mutu a tsidya linalo. Amene atsata nkhani za ndale nthawi zonse ndiwo anaphonya koposa amene sazisamala. Ndipo mwa a Democratic, ophunzira kwambiri anaphonya koposa ophunzira pang'ono. Ofufuzawo anayesa kuti chifukwa chimodzi ndi chakuti munthu akakwera sukulu, abwenzi ake onse akhala a mbali yake. Anyani sasekana zikundu, anatero akulu. Koma anyani awa aseka chikundu chimene sanachione, anangochimva.

Zipatso zake zaoneka. M'mwezi wa November mabanja a dzikolo asonkhana pa phwando la kuyamika, lotchedwa Thanksgiving, ana ndi adzukulu kuchokera kutali. Ofufuza awiri anapeza kuti mu 2016, pamene wodzacheza ndi wochereza anali ochokera m'madera a zipani zosiyana, phwandolo linafupika ndi mphindi 30 kufikira 50. Bungwe la Pew linapeza kuti mu 2016, a Republican 47 pa 100 anayesa a Democratic anthu a makhalidwe oipa kuposa anthu ena, ndi a Democratic 35 pa 100 anayesa chomwecho za a Republican. Pofika 2022 ziwerengerozo zinakwera kufika 72 ndi 63. Onani kuti funso silinali la atsogoleri koma la anthu wamba, mnansi ndi mnansi.

Ndipo mwazi wakhetsedwa. Pa 6 January 2021 khamu la otsata Trump, okhulupirira kuti masankho a 2020 anabedwa ngakhale mabwalo a milandu anakana madandaulo ao pafupifupi onse, linathyola ndi kulowa m'nyumba ya malamulo ku Washington, ndipo apolisi ngati 140 anavulazidwa. Mu July 2024 Trump analasidwa khutu ndi chipolopolo ku Butler, ndipo munthu mmodzi wa pa msonkhanowo anafa. Mu June 2025 Melissa Hortman, mtsogoleri wa a Democratic m'nyumba ya malamulo ya ku Minnesota, anaphedwa m'nyumba mwake pamodzi ndi mwamuna wake. Mu September chaka chomwecho Charlie Kirk, mlankhuli wa osunga zakale, anaomberedwa ali kuyankha mafunso a ophunzira ku Utah. Pa maliro alionse otere, anthu ambiri a mbali zonse analira, koma sanasowe ena oseka pa intaneti, adzukulu a aja anatumiza ndodo kwa Brooks.

Mipingo sinapulumuke. Pa masankho a 2016, 2020 ndi 2024, azungu a mipingo ya evangelical ngati 8 mwa 10 anasankha Trump, pamene Akhristu akuda a mipingo ya Chiprotestanti 8 kapena 9 mwa 10 anasankha wa Democratic. Awa ndi anthu owerenga buku limodzi, oyimba nyimbo zambiri zofanana, ndipo yense adabwa kuti mnzakeyo akhoza bwanji kukhala Mkhristu ndi kusankha chotero. Pakati pa 2019 ndi 2023 mipingo yoposa 7,000, ngati gawo limodzi mwa anayi, inatuluka mu United Methodist Church chifukwa cha mkangano wa maukwati a amuna okhaokha ndi akazi okhaokha. Wokumbukira 1844 sangaleke kuchita nthumanzi.

Wina adzati, Nanga ife za kutsidya kwa nyanja zitikhudza bwanji? Njovu zikamenyana wovutika ndi udzu, ndipo ngakhale pano wina ali bulu, udzu uli womwewo. Mu 2003 Pulezidenti George W. Bush, wa Republican, anayambitsa thandizo lalikulu lolimbana ndi Edzi lotchedwa PEPFAR, ndipo aphungu a zipani zonse ziwiri analivomereza. Mankhwala otalikitsa moyo amene abale athu ambiri alandira m'Malawi, m'Zambia ndi m'Mozambique anadzera m'njira imeneyo pamodzi ndi zina. Imeneyo inali ntchito ya njovu ndi bulu atasenza goli limodzi. Koma pali lamulo lina, loletsa ndalama za boma lao kupita ku mabungwe akunja okhudzana ndi kutaya pakati, limene Ronald Reagan analiika mu 1984. Linachotsedwa mu 1993, linabwezedwa mu 2001, linachotsedwa mu 2009, linabwezedwa mu 2017, linachotsedwa mu 2021, linabwezedwanso mu 2025. Namwino wa pa chipatala cha kumudzi kuno asintha ntchito yake monga mwa kusankha kwa anthu a ku Ohio ndi Michigan amene sanamvepo dzina la boma lake. Ndipo mu January 2025 boma la Trump linaimitsa thandizo la maiko akunja kuti liunikidwe, ndipo pofika July bungwe la USAID linatsekedwa. Antchito ambiri a zaumoyo kuno anachotsedwa ntchito chaka chimenecho. Pa nkhani imeneyinso, kumeneko mbali imodzi inati anzao ndi ouma mtima osasamala ana akufa, inayo inati anzao ndi akuba omwaza msonkho wa osauka, ndipo mau a eni matenda anamveka pang'ono.

Alipo amene ayesa kulumikiza. Njira imene ambiri anaganiza poyamba ndi yakuti munthu angomva mau a mbali inayo, adzafewa. Mu 2018 Christopher Bail wa ku yunivesite ya Duke ndi anzake anayesa zimenezi: analipira anthu kuti kwa mwezi umodzi aziwerenga pa Twitter mau a atsogoleri a chipani chimene achida. Mwezi utatha, a Republican anali ataumirira koposa kale, ndipo a Democratic nao sanafewe. Mau ouluka opanda nkhope sanachize kanthu. Njira ina inayesedwa mu December 2016 m'tauni ya South Lebanon ku Ohio, kumene anthu 10 osankha Trump ndi 11 osankha Clinton anakhala pamodzi masiku angapo. Amene anakonza dongosolo la zokambiranazo, William Doherty, ntchito yake ndi kuyanjanitsa maukwati osweka. Kwathu kuno tikanamutcha nkhoswe. Ndipo anachita monga achitira ankhoswe: mbali imodzi ilankhule inayo ingomvetsera, yense anene za iye mwini osati za mnzake, ndipo yense atchule cholakwa cha mbali yake. Sanatuluke onse ali a chipani chimodzi, ndipo sicho chinali cholinga. Pa msonkhano umenewo panabadwa bungwe limene lero litchedwa Braver Angels. Ndi laling'ono poyerekeza ndi nyumba za kanema, monga nyali ya koloboyi pafupi ndi moto wa lupsa.

Pa atsogoleri titchule mmodzi. Mu October 2008 John McCain, wa Republican, anali kupikisana ndi Obama, ndipo zinthu sizinali kumuyendera. Pa msonkhano ku Lakeville m'chigawo cha Minnesota, bambo wina anati aopa Obama akadzakhala Pulezidenti. McCain anayankha kuti Obama ndi munthu wabwino amene sayenera kumuopa, ndipo khamu la otsata ake omwe linamkuwiza. Kenaka mayi wina anati samkhulupirira Obama chifukwa ndi Mwarabu. McCain anatenga chokuzira mau m'dzanja lake, nakana mwaulemu, nati Obama ndi mwamuna wabwino wa banja ndi mbadwa ya dziko, amene angosiyana naye maganizo pa nkhani zazikulu. Ena anadandaula, ndipo sanalakwe, kuti yankholo linamveka ngati Mwarabu sangakhale mwamuna wabwino wa banja. Koma munthu woimirira pamaso pa khamu lokwiya sasankha mau monga wolemba ali pa tebulo. McCain anagonja pa masankhowo. Atadwala nthenda ya muubongo, anakonza yekha mwambo wa maliro ake, napempha anthu awiri kuti adzalankhule: George W. Bush, amene anamgonjetsa m'kati mwa chipani mu 2000, ndi Barack Obama, amene anamgonjetsa mu 2008. Anamwalira mu August 2018, ndipo onse awiri anafika nalankhula m'kachisi wamkulu wa ku Washington. Trump, amene anali Pulezidenti pa nthawiyo, wa chipani chimodzi ndi womwalirayo, ndipo anali atanyozapo ukaidi wake wa pa nkhondo ya ku Vietnam, sanaitanidwe.